Lole Yosakhota

Loweruka lapitali ndinachita manyazi pakhonde panga pomwe, pamaso pa mwana wa Sitandade 4. Mwana wanga Tawonga anatumiziridwa ndi azakhali ake thumba la zidutswa zapulasitiki, zija zolumikizalumikiza mpaka patuluke galimoto: timagiya, timipiringidzo ta mabowomabowo, ndi timatayala tamphira tonunkhira ngati nsapato yatsopano. Ine n'kuti nditangofika kuchokera kusitolo ya hadiweya komwe ndimagwira ntchito, miyendo ikulira, msana nawo ukudandaula zake. Munthu wanzeru akanapempha madzi osamba n'kukadziwongola pamphasa. Koma ine ndinapinda mikono ya malaya, n'kuuza mwanayo kuti asunthe pang'ono aone mmene akuluakulu amachitira.

Ndinamanga mpaka dzuwa linapendeka. Lole inatuluka yooneka bwino ndithu, munthu osaikayikira. Koma nditaiika pasimenti n'kuikankha, matayala akutsogolo anafuna kupita ku Karonga, akumbuyo ku Lilongwe. Inangoima pamodzimodzi n'kumanjenjemera ngati nkhuku yovumbwa. Tawonga anainyamula, n'kuitembenuza chagada, n'kusuzumira pafoni ya amayi ake, kenako anati mwaulemu uja wopweteka kuposa mwano, "Adada, kagiya aka mwakalozetsa kwina." Anakazula, n'kukatembenuza, lole n'kuyenda.

Kuseri kwa mpanda kunamveka kachifuwa kabodza. Anali Gomezgani, mnansi wanga, akutsuka njinga yake yamoto ya kabaza. Ameneyu tinakulira limodzi ku Chibavi, ndipo ndi yemwe anandipezera malo ano ku Mchengautuwa, mwina kuti asamasowe womuseka pafupi.

"Mwatandala uli, a Injiniya?" anatero, maso ali patayala la njinga yake.

Ndinayankha moniyo, koma dzinalo linandibweza kutali.

Ndikukumbukira Chibavi wa nthawi imeneyo ngati malo amene sankauma. Mvumbi ukayamba unkachita ngati mlendo wopanda kwawo. M'mawa chifunga chinkatsekereza nyumba ya mnzako, ndipo chikachoka pankatsala matope ofiira omata kumapazi, fungo la utuchi wonyowa, ndi utsi wa zigwagwa, makungwa a matabwa a ku Chikangawa amene tinkamangira mipanda ndi kusonkhera moto. Tinkapita kusukulu manja ali m'khwapa, milomo itatuwa, aliyense akutulutsa nthunzi m'kamwa n'kumati akusuta ndudu ya mabwana.

Tikaweruka, anyamata a mzere wathu ankatulutsa galimoto zawo za mawaya. Mfumu ya zimenezi anali Gomezgani. Iye chida chake chinali mano, mwala ndi msomali. Waya ankautola paliponse pamene mpanda wa munthu wafooka, matayala ankadula m'masilipasi otha kapena kuphatikiza zitini za polishi ya nsapato, ndipo polumikiza ankakulunga ndi mphira za chubu cha njinga. Galimoto iliyonse inkakhala ndi waya wautali wa chiwongolero wofika m'chiuno, mwiniwake n'kumayenda kumbuyo kwake, injini ili m'kamwa. Gomezgani ankathanso kusintha magiya ndi mphuno.

Kumapeto kwa nyumba za mzere wathu kunali kanjira kotsikira kudambo, komwe azimayi ankalima masamba ndi kuchapa. Kanjirako kankakhotakhota pakati pa mizere ya chinangwa ndi nthochi, kenako n'kukathera pamadzi. Ife tinkati ndi msewu wa ku Nkhata Bay. Loweruka lililonse galimoto zinkandanda pamwamba n'kutsika pamodzi, zitanyamula miyala ndi timitengo. Lamulo linali limodzi: galimoto ikhote yokha ndi chiwongolero chake. Ukangoinyamula ndi dzanja pakona, basi yasanduka katundu, ndipo katundu sapikisana ndi galimoto.

Ine ndinalibe galimoto. Adada ankadana ndi waya. Ankati umabaya m'maso, umadwalitsa kafumbata, komanso ndi chiyambi cha ana othawa sukulu. Iwo anali a ku Nkhata Bay kwenikweniko, osati kwa kudambo kuja, ndipo ankakhulupirira kuti mwana wochokera kunyanja chuma chake ndi cholembera. Ndiye Loweruka likafika anzanga ankandipatsa bango. Ndinali wapolisi wa pa rodibuloko. Ndinkaima pakona yoyamba, n'kutsitsa bango, n'kufunsa malaisensi a masamba a mango, n'kukweza bango, anzanga n'kudutsa. Kenako ndinkamva injini zawo zikuzimirira kumunsi, ine n'kutsala ndi udzudzu. Ntchito ya boma imeneyi ndinaigwira mokhulupirika, koma mumtima ndinkangofuna chinthu chimodzi: tsiku lina ndisiye bango, nanenso nditsike mpaka pamadzi ndili kumbuyo kwa chiwongolero changa.

Mwayi unabwera m'chitini. Asibweni, mlongo wawo wa amama amene ankagwira ntchito ku Joni, anabwera kudzaona abale atanditengera chitini chachikulu chophwatalala, chimene ana a bwana wawo anasiya kuseweretsa atakula. Nditachitsegula munatuluka fungo la mafuta a makina osokera. Munali tizitsulo tobiriwira ndi tofiira ta mabowo ondandana, timabawuti ndi timanati tating'ono ngati nyemba, matayala amphira, timagiya ta mkuwa, ndi kasipanala kotalika ngati chala changa. Kabuku kolangiza kamangidwe kanali katatayika kalekale. Panangotsala chithunzi chofwifwa pachivundikiro: lole yokhala ndi kireni kumbuyo, ikukweza bokosi.

Adada anachiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta zala pathalauza asanagwire kalikonse. Uwu sunali waya. Izi zinali zamaphunziro. Ndiye anaika malamulo: kumangira patebulo basi, pamwamba pa thireyi ya alendo kuti pasagwe kanthu, ntchito ya kusukulu ikatha, ndipo chitini chisadutse pakhomo ngakhale tsiku limodzi.

Iwo anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Tsiku lonse ankazungulira Mzuzu panjinga yakapalasa, mwendo wa thalauza atautsina ndi chopanira zovala, ndipo madzulo ankafika atatheratu. Ankadziponya pampando wawo wa ndalema, mapazi m'beseni la madzi ofunda, wailesi ikunong'ona pambali, n'kuyamba kusinza asanamalize n'komwe kuvula jekete. Koma kanati kakangogwa pathireyi kuti ng'we, diso limodzi linkatseguka. Likaona kuti kagwera m'kati, linkatsekekanso.

Ndinamanga lole imeneyo nyengo yonse yozizira, ndikungoyang'ana chithunzi. Chithunzicho chinkaonetsa mbali imodzi yokha, ndiye mbali inayo ndinkachita kulota. Ndinkamanga, n'kupeza kuti ndatsekera tayala m'kati, n'kumasula, n'kuyambiranso. Zala zinkachita dzanzi ndi chisanu, timanati tikuterereka, lilime langa lili panja ngati la galu. Ndikuganiza kuti chizolowezi changa chowerenga mabuku a pamsika, aja opanda chikuto ndi masamba oyambirira, chinayambira pamenepo. Mpaka lero nkhani ndimaiyambira pakati, zoyambirira n'kumadzipekera ndekha, ndipo nthawi zambiri ndimapeka zolakwika.

Tsiku limene lole inatha, ndinapukusa kachogwirira, ulusi n'kukulungika, kireni n'kukweza bokosi la machesi m'mwamba. Adada anatulutsa mapazi m'beseni n'kuyenda osapukuta, akusiya zidindo zamadzi pansi. Anaitana amama. Anaitana anansi. Lamulungu lake anabwera ndi mkulu wa mpingo, n'kundiuza kuti ndikwezenso bokosi la machesi lija, mkuluyo akumwa tiyi. "Uyu ndi injiniya," adada anatero, ndipo pofika madzulo dzinalo linali litazungulira mzere wonse. Lole inakalowa m'kabati yagalasi, pakati pa makapu amene palibe ankamwera ndi chithunzi cha ukwati wawo.

Gomezgani anadzaiona Lolemba masana, adada ali kuntchito. Amama sanamulole kulowa chifukwa cha matope a kumapazi kwake, ndiye ndinainyamula n'kumuonetsa pawindo. Anaiyang'ana pamwamba, anaiyang'ana pansi, anapukusa kachogwirira kamodzi.

"Njakutowa," anatero, kutanthauza kuti ndi yokongola. "Koma ikhota?"

Siinkakhota. Matayala akutsogolo anali pa kachitsulo kamodzi kowongoka, komangidwa nganganga kuthupi la lole. Wojambula chithunzi uja ankakhala kudziko la misewu yopanda makona.

Gomezgani sanandiseke. Anakhala pansi kunja kwa windo n'kuyamba kujambula padothi ndi kamtengo. Kireni ija inkazungulira pa kambale kachitsulo. Tikachotsa kireni, anatero, kambaleko tikhoza kukasamutsira kutsogolo, matayala n'kukhala pamenepo, ndiye azitembenuka. Pabowo la pamwamba tilowetsa waya wautali, umene iye adzandibwereka. Ndinayang'ana chojambulacho ndipo ndinaona kuti n'zotheka. Zinali zongomasula timabawuti tingapo n'kutimanga pena. Chitini chija chinapangidwira zomwezo: ukatopa ndi chinthu, umachiphwasula chikhale china. Masiku otsatira ndinkangoimanga m'mutu, m'kalasi, potunga madzi, ngakhale pa pemphero.

Chotsala chinali chilolezo. Apa ndinachita nzeru za mwana. Ndinati ndisapemphe ziwiri nthawi imodzi. Za kuphwasula kireni, imene mkulu wa mpingo anaiyamikira, ndinazisunga kaye. Ndinayamba ndi chopepuka: kuti andilole kutuluka nayo panja. Adada anakana. Ndinapemphanso atakhuta, anakana. Ndinapempha nditakhoza masamu, anangoti, "Panja pali matope, tizitsulo titayika, ndipo ku Joni si kuseri kwa nyumba." Koma ndinaona kuti kukana kwawo kukufooka. Ankandiyang'ana Loweruka ndikutuluka ndi bango langa, ndipo nkhope yawo inkachita ngati ya munthu amene akusenza chinthu cholemera.

Ndiye m'mawa wina amama akusesa anapeza kanati kamodzi pakhomo, nkhuku ikukajompha. Kanali katamasuka kokha pansi pa lole. Anakapereka kwa adada. Adada anakaika pachikhatho n'kumakagubuduza ndi chala. Sanakalipe. Anangoti, "Mwaona?" ngati akulankhula ndi khoma.

Lachisanu ndikuchokera kusukulu ndinapeza m'kabati muli mpata. Amama anati adada atenga lole popita kuntchito. Ndinaganiza kuti akukaionetsa kwa anzawo a ku ofesi, ndipo ndinadzimva kukula.

Adada anafika chakumadzulo mvumbi uli m'kati, akukankha njinga, madzi akutsika m'tsitsi. Lole anaifungatira m'kati mwa jekete, itakulungidwa m'nyuzipepala. Tsiku limenelo sanadye masana. Nthawi yopuma anayenda mpaka kumsika, kwa bambo wina wokhoma ndowa ndi mbaula, n'kukhala pambali pake mpaka ntchito itatha. Anaiika patebulo n'kufunyulula pepala pang'onopang'ono. Inkanunkha moto. Pa kabawuti kalikonse, pa kanati kalikonse, panali dontho lotuwa la mtovu, louma ngati msozi. Kambale ka kireni, kachitsulo ka matayala akutsogolo, zonse zinali zitamatidwa mpaka kalekale. Mmisiriyo anagwira ntchito yake mosamala. Matayala ankazungulira, kachogwirira kankapukusika, koma panalibenso chomasuka.

"Tsopano pita nayo kulikonse kumene ufuna," adada anatero. "Palibe chidzagwe. Ngakhale ana ako adzaipeza ili chomwechi."

Nkhope yawo inali yotopa ndi yowala nthawi imodzi. Anali atandipezera njira. Anaganiza, anayenda, anakhala ndi njala masana, kuti mwana wawo asiye bango. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri.

"Yewo chomene, adada," ndinathokoza.

Amama anandiyang'ana, n'kuyang'ana lole. Iwo anali atamva zonse za pawindo zija. Kenako anatuluka kukatsekera nkhuku.

M'mawa mwake ndinapita pamwamba pa kanjira, lole m'manja, kasipanala m'thumba, ngakhale ndinkadziwa kuti kalibenso ntchito. Gomezgani anali atabwera ndi waya wautali uja, atauwongola bwinobwino, kumapeto atapinda chiwongolero chozungulira. Anatenga lole, n'kuyesa ndi kasipanala, n'kuyesa ndi msomali, n'kukanda dontho limodzi ndi dzino.

"Aipha iyi," anatero.

"Aikonza," ndinayankha ine.

Sanatsutse. Anaponya waya uja paudzu, n'kumanga chingwe kutsogolo kwa lole, n'kulamula kuti ikhale yoyamba pamzere chifukwa panalibe ina yonyezimira ngati iyo. Poyamba zinayenda. Njira inali yowongoka, matayala amphira ankasiya zidindo zenizeni pamatope, tiana tating'ono tikuthamanga m'mbali. Kwa kamphindi ndinali munthu. Injini yanga, imene ndinkaiyeserera kuseri kwa chimbudzi miyezi yonseyo, inalira bwino ndithu.

Kenako tinafika pakona yoyamba, pamalo anga a ntchito. Njira inakhotera kumanzere. Ndinakokera chingwe kumanzere. Lole inakana. Inakhukhuluzika cham'mbali, ikuunjika matope kutsogolo ngati khasu, kenako inakwera mzere wa chinangwa n'kugona chagada, matayala akuzungulira m'mwamba, mbedza ya kireni itakola udzu. Injini zonse kumbuyo kwanga zinazima. Palibe anaseka, ndipo ndikanakonda akanaseka. Aliyense ankadikira kuti aone ngati ndiigwira.

Ndinawerama, n'kuinyamula.

Mnyamata wina anathamanga kukatola bango pomwe ndinkalisiya, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Pepani a Injiniya," anatero, "rodibuloko ilibe munthu." Ndinaima pamenepo, katundu wanga m'khwapa, n'kukweza bango. Anadutsa mmodzimmodzi. Gomezgani anadutsa pomaliza, osaliza injini.

Madzulo adada ali pampando wawo, mapazi m'beseni, anandifunsa kuti anzanga ati chiyani.

"Ati ndi yolimba," ndinatero.

Anagwedeza mutu mokhutira, n'kutseka maso. Ndinachotsa matope m'mabowo ndi nthenga ya nkhuku, n'kuibwezera m'kabati. Ili momwemo mpaka lero kwa amama ku Chibavi, pakati pa makapu omwe aja. Utoto unatuwa, ulusi unaduka, koma palibe kanati kamene kanagwapo. Adada anapita kalekale, ndipo mawu awo anakwaniritsidwa: mdzukulu wawo anaipeza ili chomwecho. Amaiyang'ana pagalasi ngati chithunzi cha wachibale amene sanamuonepo.

Uinjiniya wanga unathera Fomu 2. Lero ndimaima kuseri kwa kauntala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikupereka mabawuti ndi manati kwa anthu amene akukamanga zinthu zawo. Mwina adada akanati ndinayandikirako. Sindiwakwiyira ayi. Ndikamakula m'pamene ndikuwamvetsa. Iwo anali munthu amene sanakhalepo ndi chinthu chimodzi kawiri. Chikatayika chatayika, chikasweka chasweka. Kwa munthu wotero, kukonda chinthu ndi kuchimanga kuti chisasunthe.

Chibavi uja kulibenso. Kudambo kunadzaza nyumba, msewu wathu wa ku Nkhata Bay unasanduka ngalande ya madzi ochapira, ndipo waya ukagwa pansi amautola ndi ogula zitsulo zakutha mwana asanauone. Galimoto ya mawaya ndimaiona mwa apo ndi apo, kawirikawiri ikugulitsidwa kwa alendo kuti akaiike pashelefu. Ana a lero malangizo ali nawo pafoni, mbali zonse ziwiri za lole, pamwamba ndi pansi pomwe. Salota mbali inayo. Sindikudziwa ngati apindula kapena aluza, ndipo kunena zoona, ndimafika kunyumba nditatopa kwambiri moti sindingathe kuweruza mlandu umenewo.

Chimene ndikudziwa ndi chimene chinachitika Lamulungu, tsiku lotsatira manyazi anga aja. Tikuchokera kutchalitchi ndinapeza Tawonga, amene anatsogola ndi anzake a Sande sukulu, ali pakhonde, lole ija ataiphwasula pakati. Matayala anali uku, magiya uko, kachidutswa kena kali m'mphepete mwa ngalande, nkhuku ya anansi ikukayang'ana ndi diso limodzi. Anati akufuna kuifupikitsa, aiike matayala aakulu kumbuyo, ikhale thirakitala yokwera mulu wa mchenga umene uli kuseri kwa nyumba.

Ndinaganizira ntchito ya masana onse a Loweruka, msana wanga, thumba lochokera kutali, zidutswa zoti sungazipeze m'sitolo iliyonse ya mu Mzuzu muno. Ndinangoona miyendo yanga yanditengera pa okala ya pakona, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuitanitsa kachubu ka guluu uja womata ngakhale zala. Pobwerera ndinkadziuza kuti ndi wa nsapato.

Gomezgani anali pageti pake, atakhalira njinga, akutokosa m'mano. Anayang'ana thumba la malaya anga pomwe kachubu kankasuzumira. Anayang'ana pakhonde panga, pomwe Tawonga anali atagwada, lilime lili panja, akulimbana ndi tayala. Kenako anatsitsa maso n'kuyang'ana kumapazi kwanga nthawi yaitali.

"Ndi wa nsapato," ndinatero, asanafunse.

Anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba, ngati wapolisi wofuna laisensi.

"Nsapato zanu ndaziona, a Injiniya, zili bwinobwino. Bweretsani kuno, ndikamatire galasi la njinga yanga. Lole imodzi ili kale m'kabati ku Chibavi. Iyi isiyeni ikafike ku Nkhata Bay."